Zovala za tsiku ndi tsiku: tizisunge bwanji kuti zikhalitse?

Pakhomo paliponse pali zovala za mitundu iwiri. Pali zovala zocenera: za kuchalichi, za kumzikiti, za kuukwati. Zimenezi timazisamala kwambiri. Ndiye pali zovala za tsiku ndi tsiku: kapulana wa kumunda, malaya a kumsika, kabudula wa mwana, juzi ya m'mawa. Zimenezi ndi zimene timavala kawirikawiri, koma ndi zomwenso timangoziponya paliponse: pamphasa, pampando, pamwamba pa citseko.

Covala cosasamalidwa cimatha msanga, ndipo ndalama imene ikanagula mbewu kapena makope a ana imapitanso kumsika wa zovala. Si ndalama zokha ayi. Matenda ena apakhungu, monga mphutsi ndi mphere, amayenda ndi zovala. Tiyeni tione bwinobwino momwe tingagulire, kucapa, kuyanika ndi kusunga zovala zathu, kaya tili ndi wadiropu kaya tilibe.

Zovala zathu zimacokera kuti?

Kuno ku Moçambique nsalu yathu yaikulu ndi kapulana, amene ena amati citenje. Kapulana mmodzi amatalika pafupifupi mamita 2. Nchito zake n'zosawerengeka: kuvala, kuberekera mwana, kufunda, kumangira katundu, kuchinga pakhomo la cipinda. Pa 7 Abril, tsiku la amayi a dziko lino, limene timakumbukira imfa ya Josina Machel mu 1971, magulu a amayi amavala makapulana ofanana.

Thonje timalima tokha, monga ku Cuamba m'cigawo ca Niassa. Kale fakitale ya Textáfrica ku Chimoio inkaluka nsalu zambiri, koma inatseka. Masiku ano makapulana ambiri a m'misika yathu amacokera kunja, makamaka ku India ndi ku China.

Nanga malaya, mathalauza ndi majuzi? Ambiri a ife timagula za kalamidade. Dzina limeneli ndi la Cipwitikizi, ndipo limatanthauza tsoka lalikulu. Linafala m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ndi cilala, pamene zovala zinkabwera kucokera kumaiko akutali kudzathandiza anthu ovutika. Lero ndi malonda, koma dzina linatsalira. Anzathu a ku Malawi amati kaunjika, a ku Zambia amati salaula. Zovalazi zimabwera m'mabelo omanga zolimba, ambiri olemera makilo 45.

Posankha kaunjika musapupulume. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani m'khwapa, m'khosi, m'matumba ndi pakati pa miyendo ya thalauza, cifukwa m'menemo ndi momwe nsalu imayambira kutha. Kwezani covala cakudzuwa: ngati kuwala kukudutsa kwambiri malo ena, pamenepo pang'ambika posacedwa. Kokani zipi kawiri katatu. Mukafika kunyumba, capani covalaco musanavale, ngakhale cikuoneka coyera.

Werengani kansalu ka m'khosi

Mkati mwa covala, m'khosi kapena m'mbali, muli kansalu kakang'ono kolembedwa. Ambiri amakadula cifukwa kamayabwa. Musanakadule, kawerengeni. Inu amene mwaphunzira zilembo ndi manambala, apa ndiye pogwiritsa nchito maphunziro anu.

Coyamba ndi msinkhu. S ndi cacing'ono, M ndi capakati, L ndi cacikulu, XL ndi cacikulu kwambiri. Pa zovala za ana zocokera ku Ulaya mumapeza manambala monga 104, 116 kapena 128. Nambala imeneyi ndi kutalika kwa mwana m'masentimita. Mukayeza mwana wanu ndi tepi ya telala n'kulemba nambalayo papepala, mukhoza kumugulira covala comukwana iye atatsala kunyumba.

Caciwiri ndi mtundu wa nsalu. Mawu akuti algodão kapena cotton akutanthauza thonje. Thonje limamwa thukuta, ndipo ndi labwino kumalo otentha ngati mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Outubro ndi Novembro. Mawu akuti poliéster kapena polyester akutanthauza nsalu ya ulusi wapulasitiki. Imauma msanga, sicita makwinya, koma imasunga fungo la thukuta, ndipo ikakhudza moto imasungunuka n'kumamatira pakhungu. Mwana wovala nsalu yotere asakhale pafupi ndi mbaula. Mawu akuti lã kapena wool ndi ubweya wa nkhosa: umafunda, koma umafota mukaucapa ndi madzi otentha.

Cacitatu ndi tizithunzi. Beseni lokhala ndi nambala 30, 40 kapena 60 likunena za kutentha kwa madzi: 30 ndi madzi ozizira bwino, 60 ndi otentha. Beseni lokhala ndi dzanja likuti capani pamanja mofatsa. Cithunzi ca makona atatu cikunena za javel, mankhwala oyeretsa aja. Cithunzi ca simbi cili ndi timadontho: kamodzi, simbi ikhale yofunda cabe, tiwiri, yotentha pang'ono, titatu, yotentha kwambiri. Cithunzi ciliconse codulidwa ndi mtanda cikuti: musacite zimenezi.

Kucapa kosawononga nsalu

Musanacape, patulani zovala: zoyera pazokha, zamitundu pazokha, zamatope a kumunda pazokha. Kapulana watsopano amasuluka, conco mucapeni yekha m'madzi ozizira ulendo woyamba ndi waciwiri. Pisani m'matumba. Msomali kapena ndalama yacitsulo yoiwalika imasiya dzimbiri losacoka.

Tembenuzani malaya ndi mathalauza, kunja kukhale mkati. Litsiro la thukuta lili mkati, ndiponso mtundu wa kunja sufufuluka msanga. Kuviika zovala m'madzi a sopo kwa kanthawi kumafewetsa litsiro, ndiye simuvutika kupikicha. Kumenyetsa covala pamwala kumayeretsa, inde, koma kumadula ulusi ndi kuswa mabatani. Mwala usiyireni mabulangete ndi masaka.

Magazi acapeni ndi madzi ozizira. Madzi otentha amawaumitsa m'nsalu. Tsukuluzani mpaka thovu lithe, cifukwa sopo wotsalira amaumitsa nsalu ndipo amayabwa, makamaka pakhungu la khanda.

Javel ndi wa nsalu zoyera za thonje basi, ndipo amafunika kumusungunula m'madzi ambiri. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira kapena viniga, cifukwa pamatuluka mpweya woopsa. Musamusunge m'botolo la zakumwa: mwana angamwe.

Mawu apadera kwa alimi a thonje ndi a fodya, monga a ku Angónia, Macanga ndi Cuamba. Zovala zimene mwavala popopera mankhwala m'munda muzivule musanalowe m'nyumba. Zicapidwe pazokha, m'beseni lakelake, kutali ndi citsime ndi mtsinje. Zisasakanizike ndi zovala za ana, ndipo mayi woyembekezera asazicape. Mankhwala amenewa amalowa m'thupi kudzera pakhungu.

Kuyanika: cenjerani ndi nchenche ya mphutsi

Ambiri timayanika zovala paudzu, pamcenga kapena pazitsamba. Apa ndiye pali ngozi. Pali nchenche ina imene imaikira mazira panthaka ya mumthunzi, makamaka ponunkha mkodzo, ndiponso pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo ndi aang'ono, simungawaone msanga. Pakapita masiku awiri kapena atatu amaswa timphutsi. Munthu akavala covalaco, kamphutsi kamaboola khungu n'kulowa, iye osamva kanthu.

Kenaka pamatuluka cotupa cooneka ngati cithupsa, cokhala ndi kabowo pakati. Cimayabwa, cimapweteka, ndipo nthawi zina munthu amamva kanthu kakuyenda mkati. Mphutsiyo imakula m'khungu kwa masiku 8 mpaka 12. Vutoli limaculuka nthawi ya dzinja, ndipo limagwira kwambiri makanda, cifukwa matewera awo ndi amene nchencheyi imakonda.

Kupewa kwake n'kosavuta. Yanikani zovala pacingwe, m'mwamba, padzuwa lenileni, mpaka ziume gwa. Kenaka sitani ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'ciuno. Kutentha kumapha mazira. Matewera, zovala zamkati, matawulo ndi nsalu zofunda zisitidwenso, ngakhale palibe amene amaziona.

Ngati mphutsi yalowa kale, musakumbe ndi singano kapena minga. Matani Vaseline wambiri pakabowo. Mphutsi imapumira pamenepo, ndiye ikasowa mpweya imasuzumira kunja, ndipo mukhoza kuifinya pang'onopang'ono ituluke yathunthu. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyera. Koma ngati ili pafupi ndi diso, ngati ndi khanda, ngati zotupa n'zambiri kapena pali mafinya ndi kutentha thupi, pitani kucipatala.

Zovala zamitundu muziyanike zotembenuza, ndipo zikauma muzianule, cifukwa dzuwa limadya mtundu. Juzi yolemera ndi madzi imatamuka mukaipacika ndi m'mapewa. Ipindeni pakati pa cingwe kapena muiyale pathandala loyera padzuwa. Musayanike pa waya waminga kapena wadzimbiri.

Pogwiritsa nchito simbi yamakala, pukutani kunsi kwake, tsekani bwino, ndipo yambani ndi nsalu za thonje simbi ikadali yotentha. Zopyapyala zibwere kumapeto. Mukatha, tayani makala kutali ndi udzu ndi ana.

Malo osungira zovala

Wadiropu, imene m'masitolo amati guarda-fato, ndi yabwino, koma si aliyense angaigule. Osadandaula. Sutikesi, bokosi lamatabwa, dengu lokhala ndi civundikiro, ndowa yaikulu yapulasitiki, kapena nsungwi yomangirira kudenga, zonsezi zimagwira nchito mukatsata malamulo asanu awa.

Loyamba: sungani covala cokhaco cimene cauma. Malaya amodzi acinyezi amanunkhitsa sutikesi yonse. Zovala zongosita kumene zisiyeni zizizire musanazitsekere.

Laciwiri: zovala zisakhale pansi. Nthaka imatulutsa cinyezi, ngakhale pansi pa simenti. Ikani sutikesi kapena bokosi pamwamba pa njerwa zinayi, pathebulo kapena pakathandala.

Lacitatu: siyani mpata pakati pa khoma ndi zovala, wokwanira kulowetsa dzanja. Khoma limanyowa nthawi ya mvula, ndipo ciswe cimakwera m'khoma.

Lacinayi: zovala zikhale kutali ndi cakudya ndi utsi. Cipinda cosungira cimanga, mtedza kapena usipa cimaitana makoswe ndi mphemvu. Utsi wa kukhichini umadetsa nsalu ndi kusiya fungo.

Lacisanu: zovala zimafuna mpweya. Thumba lapulasitiki lomanga limasunga cinyezi mkati. Tsegulani mawindo masana, ndipo kamodzi pamwezi, tsiku la dzuwa, tulutsani zonse zipitidwe mphepo.

Cinthu cina cothandiza kwambiri ndi kukhala ndi malo atatu. Malo oyamba ndi a zocapa, zopinda bwino. Malo aciwiri ndi a zimene mwavala kamodzi ndipo mudzavalanso mawa: zipacikeni pacingwe kapena pahang'ala kuti thukuta liume. Malo acitatu ndi dengu la zakuda. Mukasakaniza magulu atatuwa, zoyera zimatenga fungo la zakuda, ndiye mumacapa kawiri n'kutha sopo pacabe.

Malaya, madiresi ndi majekete amakhala bwino popacika. Masikipa, majuzi, makabudula ndi makapulana amakhala bwino popinda. Msomali wa pakhoma umacita dzimbiri ndipo umaboola nsalu, conco ukulungeni ndi kansanza kapena khomani kamtengo kosalala m'malo mwake. Komanso musaunjike zovala zambiri pacingwe ca kucipinda cogona. Udzudzu umakonda kubisala m'zovala zolendewera, makamaka zakuda. Ndipo kandulo kapena koloboyi asayake pansi pa zovala zopacika.

Ngati m'nyumba muli anthu ambiri, aliyense akhale ndi katoni kapena mbali yake. Lembani dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pamenepo. Mwana wa zaka zisanu akhoza kuphunzira kupinda kabudula wake, ndiponso amayamba kuzindikira zilembo za dzina lake. Yunifolomu ya kusukulu ikhale ndi malo akeake, ndipo mwana aivule akangofika kunyumba.

Nsapato nazo musaziiwale. Zamatope zitsukeni, muikemo mapepala akale kuti amwe madzi, ziume pamalo odutsa mphepo. M'mawa musanavale, zigogodeni: nankalizi ndi cinkhanira amakonda kugona m'menemo.

Adani a zovala

Nkhungu ndi timadontho takuda kapena totuwa timene timamera pa nsalu yacinyezi. Kutsukireni panja, capani ndi sopo, yanikani padzuwa lamphamvu. Nkhungu ikakhalitsa siicoka, ndipo fungo lake limavutitsa anthu a mphumu.

Njenjete zimadya ubweya, makamaka juzi kapena bulangete losungidwa ndi thukuta. Cimene cimadya nsalu si kagulugufe kouluka kaja, koma timphutsi take. Ndiye capani musanasunge.

Makoswe amaboola zovala kuti apange zisa. Mphemvu zimatsata madontho a ndiwo ndi mafuta. Ciswe cimatha katoni yonse ya pansi inu osadziwa. Mankhwala a atatuwa ndi amodzi: civundikiro cotseka bwino, kukweza katundu m'mwamba, ndi kusesa kuseri kwake sabata iliyonse.

Nsikidzi ndi nsabwe za m'zovala zimabisala m'misoko. Madzi otentha kwambiri ndi simbi zimapha izo pamodzi ndi mazira ake. Mphere nayo imayamba ndi kacilombo kosaoneka ndi maso, kamene kakhoza kukhala m'zovala masiku awiri kapena atatu kunja kwa thupi. Wina akadwala mphere, a m'nyumba onse alandire mankhwala nthawi imodzi monga anenere a kucipatala. Tsiku lomwelo capani zovala ndi zofunda m'madzi otentha. Zimene simungacape, zimangeni m'thumba lapulasitiki kwa sabata imodzi. Mukapanda kutero, mphere imangozungulira m'banja.

Ena amaika naftalina, timibulu toyera tonunkha tija, m'sutikesi. Imathamangitsa njenjete, koma ndi poizoni. Mwana amaiona ngati switi. Fungo lake lokha likhoza kudwalitsa makanda ena matenda a magazi ndi cikasu. Musaiike m'zovala, m'matewera kapena m'zofunda za khanda. Mwana akameza, thamangirani naye kucipatala.

Zovala ndi nyengo

Walira mvula walira matope. Kuyambira Novembro mpaka Abril zovala zimacedwa kuuma. Capani pang'onopang'ono, m'mawa, osadikira kuti ziunjikane. Mangani cingwe cina pakhonde podutsa mphepo, ndipo zonse zoumira pamthunzi zisitidwe.

Kumalo okwera monga Lichinga, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1300, ndiponso ku Ulónguè, miyezi ya Junho ndi Julho kumazizira kwambiri. Cisanu cikatha, capani majuzi, zipewa ndi mabulangete, ziume bwino, muzisunge pansi pa sutikesi. Zovala za nyengo imene muli zikhale pamwamba. Majuzi amachipa nthawi yotentha, conco wanzeru amagulira ana ake nthawi imeneyo, msinkhu wokulirapo pang'ono.

Okhala m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja akumbukire madzi osefukira. Mu Janeiro 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka, ndipo mabanja ambiri anataya katundu wawo. Madzi akabwera usiku palibe nthawi yosankha zovala. Mvula isanayambe, konzani cikwama cimodzi: covala cimodzi ca munthu aliyense, makapulana awiri, juzi ya mwana, ndi mapepala ofunika monga B.I., makadi a kusikelo ndi masatifiketi a kusukulu. Mapepalawo akulungeni m'mapulasitiki awiri. Apa pokha pulasitiki ndi bwenzi. Pacikani cikwamaco m'mwamba, pamalo amene aliyense m'nyumba akuwadziwa.

Singano ndi ulusi

Kabowo kakang'ono lero ndi cibowo mawa. Sungani singano, ulusi wakuda ndi woyera, ndi mabatani ocotsa ku zovala zakutha m'kabotolo kotseka, patali ndi ana. Sokani musanacape, cifukwa kucapa kumakulitsa pong'ambika. Kusoka si nchito ya amayi okha. Bambo kapena mnyamata wodziwa kuika batani sayenda malaya ali pululu.

Zipi yakufa kapena thalauza lalikulu m'ciuno, telala wa pamsika amakonza pamtengo wocepa kuposa kugula cina. Covala cimene mwana wakula naco, cicapeni, mucisungire mng'ono wake, kapena mupatse mnansi amene akucisowa. Kapulana wakutha amasanduka matewera, nkhata, kapena nsanza zopukutira. Cimene sicinavalidwe zaka ziwiri cikungodya malo ndi kuweta mphemvu.

Yesani sabata ino

Sankhani tsiku la dzuwa. Tulutsani zovala zonse za m'nyumba, muziike m'milu inayi: zovala bwino, zofuna kusoka, zopatsa ena, ndi nsanza. Sesani ndi kupukuta mosungira, mukwezepo panjerwa, musiye mpata kukhoma. Kenaka tengani kope lanu, mulembe dzina la munthu aliyense, zovala zimene ali nazo ndi cimene cikusowa. Tsiku lopita kumsika, tengani pepalalo. Mudzagula cofunika, osati cimene wogulitsa wakuwirira kwambiri.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi nambala 116 pa covala ca mwana ikutanthauza ciyani?
2. N'cifukwa ciyani tiyenera kusita matewera ndi zovala zamkati?
3. Chulani malamulo asanu a kasungidwe ka zovala.
4. Kodi zovala zopoperera mankhwala kumunda zicapidwe bwanji?
5. Bweretsani covala cimodzi m'kalasi. Werengani kansalu kake pamodzi ndi mnzanu, ndipo lembani mawu atatu amene mwapezapo.